Nyali zinayi pa njinga imodzi: zimene ndaona pa msewu wa ku Likuni usiku

Ndimakonza mafoni m'kakontena kena ku Malangalanga, koma ndimagona ku Chinsapo. Pakati pa malo awiriwa pali mlatho wa Lilongwe, chitunda chokwera ku Area 3, kenako msewu wa ku Likuni. Ndimadutsamo panjinga yakapalasa m'mawa ndi madzulo kuyambira 2021, chaka chimene ndinawerengera ndalama zomwe ndinkasiya kwa makondakitala n'kuona kuti za miyezi ingapo yokha zikanagula njinga. M'mawa palibe chovuta. Madzulo ndiye pali nkhani. Makasitomala anga ambiri amabwera akaweruka kuntchito, choncho kutseka isanakwane 6 koloko n'chimodzimodzi kukana ndalama. Koma dzuwa la Lilongwe silidikira munthu. Mu Juni 5:30 ikamakwana limakhala litalowa kale, ndipo ngakhale mu Januwale, pamene limachedwako, silifika 6:30. Likangolowa, pakatha mphindi 20 kapena 25 kwada bii. Ulendo wanga wobwerera kunyumba, wa mphindi pafupifupi 40, umakhala wamumdima chaka chonse.

Pa zaka zimenezi ndagula nyali zinayi zakutsogolo ndi ziwiri zakumbuyo, ndipo zonse ndinazimasulapo ndi sikuludalaiva. Ife okonza mafoni ndi mmene tilili: chinthu chokhala ndi batire sitingachisiye tisanaone m'mimba mwake.

Ndiyambe ndi zimene ambiri amachita, zomwe nanenso ndinachita sabata yoyamba: foni kudzanja lamanzere tochi yake itayaka, lamanja lili pa chiwongolero. Musamatero. Kapena ndinene kuti pitirizani, chifukwa masikirini amene ndasintha a anthu ochita zimenezi andigulira matumba angapo a chimanga. Katochi ka foni anakapangira kufufuza kiyi pansi pa bedi. Mapazi asanu kutsogolo kuwala kwake kwatha, ndipo dzanja limodzi silingagwire mabuleki onse awiri.

Nyali yanga yoyamba inali tochi wamba ya mabatire awiri akuluakulu, yomangidwa pa chiwongolero ndi malegeni. Inkathandiza kuti anthu andione, basi. Pa bampu iliyonse inkagwedeza mutu ngati gulo, ndipo mabatire akamatha inkafiira pang'onopang'ono moti sunkazindikira kuti wayamba kuyendera chizolowezi. Inathera pa bampu ina: chivundikiro chakumbuyo chinatseguka, mabatire n'kugubudukira pakati pa msewu, minibasi n'kumalizitsa.

Yachiwiri ndiikamba motalikirapo, chifukwa ndi imene mudzaione paliponse, kuyambira kwa mavenda a pafupi ndi msika wa Tsoka mpaka m'masitolo a ku Area 2, ndipo ndi imene anthu ambiri amanyengeka nayo. Ndi tochi yakuda yachitsulo ya mutu wokoka: ukaukokera kutsogolo kuwala kumasonkhana pamodzi n'kupita kutali, ukaubweza kumatambasuka. Imabwera m'kabokosi ndi batire limodzi, tchaja ndi bulaketi yapulasitiki yomangira pa chiwongolero. Pabokosi la yanga analemba T6 ndi 15000 lumens, muyeso wa kuwala, pabatire 9900mAh, muyeso wa moto umene batire limasunga. Mnyamata amene anandigulitsa anaiyatsa masanasana n'kundiloza nayo kumaso.

"Bwana, iyi mukayatsa pano ikaunika phiri la Bunda," anatero.

Ndinapereka K9,500. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndinaona yomweyo ikugulitsidwa pafupifupi kawiri mtengo umenewo, ndipo manambala a pabokosi nawonso anali atakwera, ngati kuti ma lumens amayendera dola.

Nditafika nayo pabenchi ndinayamba ndi batire. Mabatire amenewa timawatchula 18650, ndipo dzinalo ndi muyeso wake chabe: mamilimita 18 kunenepa, 65 kutalika. Ndi omwe ali m'kati mwa mabatire a malaputopu akale ndi m'mapawabanki ambiri. Ngakhale makampani akuluakulu ngati Panasonic, Samsung ndi LG, abwino kwambiri amene amapanga a saizi imeneyi amathera cha m'ma 3500mAh. Mukaona 9900 pa batire lofanana nawo kukula, dziwani kuti wina wangolembapo nambala imene yamusangalatsa. Njira yachidule yodziwira ndi kulemera kwake: lenileni limakwana magalamu 45 kapena kuposerapo pang'ono. Langa pa sikelo linakwana 27. Nditaliika pa kamakina kanga koyezera linatulutsa 640mAh. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Za 15000 lumens nazonso ndi nthano. Dzina loti T6 anabwereka ku kagetsi ka LED kotchedwa XM-L ka kampani ya ku America ya Cree, ndipo kenikeniko, ukakapatsa mphamvu yonse imene kangapirire, pafupifupi mawatsi 10, kamatulutsa cha m'ma 1000 lumens. Babu la H4, lomwe lili m'maminibasi ambiri, likakhala pa dimu nalonso limatulutsa cha m'ma 1000. Kuti tochi yanga ikhale ya 15000 ndiye kuti ikanawala kuposa maminibasi 7 a mababu awiriawiri ataima pamzere. Masamu ake si ovuta. Nyali wamba ya LED imapereka pafupifupi 100 lumens pa watsi iliyonse. Batire labwino la 2600mAh pa mavolti 3.7 limatha kupereka mawatsi 9 ndi theka kwa ola limodzi. Choncho nyali ya 400 lumens, yodya mawatsi 4, iyaka maola awiri ndi kanthu, pomwe ya 1000 lumens ola singalimalize. Wina akakuuzani kuti kanyali kokwana m'thumba la malaya kamawala 5000 lumens usiku wonse, mufunseni kumene wabisa jenereta.

Batire ndinasintha, ndinaikamo lochokera mu laputopu yakufa, ndipo tochi inayamba kuyaka ulendo wonse. Apa m'pamene ndinaona vuto lake lalikulu: kuwala kwake kumagwera malo olakwika. Ukaikoka kuti ione patali, imajambula kabokosi kowala kwambiri pakati pa msewu, kwina konse kuli bii. Maso amazolowera kabokosiko, cham'mbali osaonanso kanthu. Ukaitambasula imapanga chibwalo chozungulira, theka lake lili m'mitengo ndi m'maso mwa anthu obwera kutsogolo. Tsiku lina pafupi ndi raundabauti ya Bypass, wakabaza wina amene ananyamula mayi ndi dengu lawo anaima n'kutsitsa phazi pansi.

"Achimwene, tsitsani chinyali chanucho! Mukufuna tigwere mu ngalande ndi kasitomala?"

Ndinafuna kumuyankha, koma pakamwa panauma chifukwa ankanena zoona. Ifeyo timatukwana madalaivala osadima, koma tikangogula tochi yamphamvu timachita zomwezo kwa anzathu.

Kuwonjezera apo, batani lake n'limodzi koma kayakidwe n'kosiyanasiyana kasanu: kuwala kwambiri, kwapakati, kochepa, kuthwanimathwanima ngati kudisiko, ndi kwina kwa SOS. Batire limakhala pa sipuling'i, ndiye ukagunda bampu limadumpha pang'ono, moto n'kuduka kamphindi, tochi n'kuyesa kuti wadina batani. Umangopezeka uli pakati pa njira yafumbi nyali ikuphethira ngati ambulansi, ndipo kuti ibwerere mwakale uyenera kudina kangapo, dzanja litachoka pa buleki. Ndi mmene ndinagwera. Munali mu Ogasiti. Ndinali nditangosiya phula kulowa njira ya kwathu, ndili kalikiliki kudinadina, tayala lakutsogolo n'kulowa m'kangalande kamene mvula inakumba dzinja lapitalo. Masipoko atatu anaduka, limu inapindika, bondo la thalauzi linang'ambika pamodzi ndi la mwini thalauzi. Pa liwiro la makilomita 20 pa ola, njinga imayenda mamita 5 ndi theka pa sekondi iliyonse. Masekondi awiri amene ndinkalimbana ndi batani anali mamita 11 oyenda chotsinzina.

Amene anawongola limuyo ndi madala ena okonza njinga pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa msewu womwewo. Ataona tochi yanga anangopukusa mutu. "Mwana wanga, ife tinkachoka ku Mitundu usiku ndi dainamo, osatchaja kalikonse." Anandikumbutsa njinga ya Humber ya malemu bambo anga, yokhala ndi dainamo yooneka ngati kabotolo kotsamira pa tayala. Inkalira njira yonse. Pachitunda kuwala kwake kunkafiira ngati khala lamoto, ukaima n'kuzimiratu. Mvula ikagwa inkaterereka, ndipo inkadya m'mbali mwa tayala. Madainamo amenewo amapereka mavolti 6 ndi mawatsi 3 basi. Ndi kababu kakale kaja mawatsi 3 anali ochepa, koma ndi LED ndi okwanira kuyendera bwinobwino. Masiku ano kuli ena omangidwira m'kati mwa habu ya tayala lakutsogolo, monga a Shimano, osalira komanso osaopa mvula, ndipo nthawi zina amabwera ndi njinga za kaunjika. Mukagula njinga yotero musalole amakanika adule mawaya ake poyesa zinyalala. Kwa munthu wokhala kumene magetsi amatha kuzima m'mawa n'kudzayaka anthu atagona, nyali yosadalira soketi ndi chuma. Ine ya saizi ya tayala langa sindinaipezebe.

Mawu oti osatchaja aja ndi amene anandigulitsa nyali yachitatu. Ndi yapulasitiki, ili ndi kasola pamwamba, hutala yamagetsi ndi kabatani kake ka waya. Mwana wanga wamwamuna anaikonda tsiku lomwelo chifukwa cha hutalayo. Oyandikana nafe nyumba sanaikonde. Kasolako n'kofanana ndi bokosi la machesi, ndipo kachinthu kotero, dzuwa likuswa mtengo, kamapereka pafupifupi kota ya watsi. Batire la m'katimo linali la 1200mAh, kutanthauza kuti kulidzaza ndi dzuwa lokha kungatenge masiku atatu njinga ili pabwalo. Komanso batire la lithium silifuna kutentha, ndiye kulisiya padzuwa la Okutobala m'kabokosi kakuda n'kulikumbira manda. Ndinkaitchajabe ndi chingwe ngati foni. Kuwala kwake kunali kwabwinoko kuposa kwa tochi ija, kotambasuka, kokwanira ukamayenda pang'onopang'ono. Inafa mu Disembala. Mvula inandipeza pa mlatho, madzi n'kulowera pa kabowo kotchajira kamene kachivundikiro kake ka labala kanali katathothoka kale. M'mawa nditaitsegula, bolodi inali itayamba kubiriwira, ndendende mafoni aja amabwera eni ake akulumbira kuti sanagwerepo m'madzi. Pabokosi lake panalibe chizindikiro cha IPX, chosonyeza mmene chinthu chimapiririra madzi. Muzichiyang'ana: IPX4 imapirira madzi owaza, IPX6 madzi amphamvu ngati a paipi, IPX7 kumizidwa mita imodzi kwa mphindi 30. Pa mvula ya kuno musatsike pa IPX4.

Imene ndikuyendera pano sindinaipeze m'sitolo. Inali m'katoni ya zinthu zosakanikirana kwa mnyamata wina wogulitsa njinga za kaunjika, pakati pa mabelu, maloko opanda makiyi ndi zishalo zong'ambika. Ndi yaing'ono, yotuwa, yokalikakalika, ndipo poiyatsa masana inkaoneka yofooka moti mwini wake sanavute: anayamba K25,000, tinathera pa K14,000. Chinandikopa ndi chizindikiro cha pagalasi lake, kamzere kokhotakhota ngati njoka, chilembo K ndi nambala. Chimenecho ndi chidindo cha ku Germany, kumene malamulo a pamsewu otchedwa StVZO salola nyali ya njinga yothobwa m'maso anthu obwera kutsogolo. Kagetsi ka yangayi sikayang'ana kutsogolo ngati ka tochi. Kamayang'ana m'kagalasi kokhota kamene kamasonkhanitsa kuwala n'kukugwetsera pamsewu. Mukailoza pakhoma mumaona mzere wowongoka, m'munsi mowala, m'mwamba mdima, mofanana ndi galimoto ili pa dimu.

Pa iyo sanalembe lumens, analemba 40 lux. Anzanga a pa Malangalanga ndimawafotokozera chonchi: lumens ndi madzi onse otuluka pa mpopi, lux ndi amene agwera m'ndowa. Tochi yakuda ija inkatulutsa madzi ambiri n'kunyowetsa bwalo lonse ndi anthu odutsa omwe. Iyi imatulutsa ochepa, koma onse amalowa m'ndowa. Ajeremani amayeza lux imeneyo pamtunda wa mamita 10 kutsogolo kwa nyali, komwenso maso a wopalasa amakhala. Usiku woyamba nditangodutsa Area 3 ndinaona msewu ngati mphasa yoyalidwa kutsogolo kwanga, kuyambira pafupi ndi tayala mpaka mamita 20 kapena kuposa, yotambalala mokwanira kuona pamene phula lathera ndi pamene dothi layambira. Ife apanjinga timayenda m'mphepete, ndipo m'malo ambiri mphepetemo munadyeka ngati chitumbuwa cholumidwa. Ukalephera kuona pamene pathera phula, tayala limatsetsereka, ndipo umagwera mbali ya magalimoto. Chiyambireni kuyendera nyali imeneyi palibe wandikalipira.

Zofooka ili nazo. Batire lake linali litatopa, linkangokwana mphindi 25, ndipo silichotsedwa ndi manja. Ndinachita kuimatula, kuwotcherera lina n'kumata ndi guluu, zomwe kwa ine ndi ntchito ya theka la ola koma kwa wina ndi ndalama inanso. Tsopano imayaka maola atatu ndi kanthu, ndipo ndimaitchaja Lolemba ndi Lachinayi pabenchi pomwe ndimatchajira mafoni a anthu. Bulaketi yake anaipangira ziwongolero zonenepa za mamilimita 31.8, pomwe cha njinga yanga ndi cha 22.2, ndiye ndinakulungapo chidutswa cha chubu katatu. Sithwanima, chifukwa kwawoko nyali zothwanima saziloleza panjinga. Poti siunika m'mwamba, nthambi yolendewera kapena chingwe choyanikira zovala chimene wina wamanga modutsa kanjira umaziona zitakufika kale. Ndipo m'tinjira ta m'kati mwa Chinsapo, tokhotakhota pakati pa mipanda, imaunika kumene njinga yaloza, kumene ukufuna kukhotera kuli mdima. Pamenepo ndimangochepetsa liwiro.

Ena amati mankhwala ake ndi tochi yapachipumi, ija amavala ogulitsa tchipisi ndi kanyenya usiku. Ndinabwereka ya alamu anga sabata imodzi kumayambiriro kwa Novembala. Pokhota ndi yabwinodi, ndipo tayala likaphulika umamata chubu manja onse ali omasuka. Koma nyengo ya fumbi, magalimoto akamautsa dothi, kwinaku utsi wa zinyalala uli tolo, nyali yokhala pafupi ndi maso imakubwezera kuwala konse, umangoona chifunga choyera. Chinanso, nyali ikakhala pamutu mayenje sakhala ndi mthunzi, msewu umaoneka wosalala. Ya pa chiwongolero, poti ili m'munsi, imaika mthunzi wakuda m'dzenje lililonse, ndipo mthunziwo ndi umene umakuchenjeza. Kumapeto kwa sabata imeneyo kunagwa mvula yoyamba, ngumbi n'kutuluka. Ndinafika kunyumba ndi ndiwo kumaso, m'makutu ndi m'kolala, mayi a ana n'kundifunsa chifukwa chake sindinatenge beseni.

Tsopano yakumbuyo, yomwe ndikanayenera kuyamba nayo kugula. Kuno timayenda kumanzere, ndiye magalimoto amatidutsa kudzanja lamanja, nthawi zambiri dalaivala atathobwa kale ndi fulu ya mnzake wobwera kutsogolo. Pa masekondi amenewo, wapanjinga wovala jekete lakuda saoneka n'komwe. Ndinazimvetsa tsiku limene ine ndemwe ndinatsala pang'ono kulowa m'matumba a makala. Ndinalawirira 4:30 kukalandira katundu ku depoti. Anthu amakala ochokera cha ku Dzalanyama amadutsa msewu umenewu m'bandakucha, njinga itasenza matumba atatu kapena anayi, pachitunda akuikankha, yopanda nyali kapena chonyezimira chilichonse. Makala akuda, matumba akuda, kunja kwakuda. Ndinali ndi nyali, ndikuyenda liwiro la njinga, koma ndinawaona nditatsala mapazi ochepa. Nanga wa minibasi wothamanga makilomita 60 pa ola?

Yofiira yoyamba inali kaja kalabala kokulunga pachitsulo, ka mabatire ooneka ngati ndalama yachitsulo otchedwa CR2032. Kamawala bwino masiku oyamba, kenako kamazilala, ndipo ukagula mabatirewo kangapo wapitirira mtengo wa kanyaliko. Yachiwiri, imene ndili nayo mpaka lero, ndi ya mabatire awiri a AAA, opezeka pa okala iliyonse, ndipo ikamathwanima imatha milungu ingapo. Iyi ndiye ndimailimbikitsa kwa aliyense, makamaka amene kwawo kulibe magetsi. Kuthwanima kumapangitsa dalaivala kukuona msanga, koma nyali yoyaka osaphethira imamuthandiza kudziwa kuti uli patali bwanji. Ine madzulo kukadali kachisisira ndimaithwanimitsa, kukada kwenikweni ndimaisiya iyake chiyakire.

Poyamba ndinaimanga pachitsulo cha pansi pa chishalo, mmene anajambulira pa pepala lake. Madzulo ena mayi a ana anali mu minibasi kuchokera ku Bwaila kokaona wodwala, ndipo anandidutsa panjira. Nditafika ndinawapeza atakhala pakhonde.

"Bambo ake, nyali yofiira ija munagulira thumba la ufa?"

Thumba limene ndinamanga pa kaliyala linali litaiphimba yonse. Anati anandizindikira chifukwa cha timagalasi tachikasu ta pamapedulo, tokwera ndi kutsika. M'mawa mwake ndinaboola kachitsulo n'kumangirira nyaliyo kumapeto kwa kaliyala, cham'munsi, ndi mabawuti awiri. Ojambula mapepala aja sadziwa kuti njinga ya kuno imasenza. Timagalasi ta pamapedulo tija musamatichotse. Sitifuna batire, ndipo kukwera ndi kutsika kwake kumauza dalaivala ali kutali kuti kutsogoloku kuli munthu akupalasa. Ndinagulanso kajekete konyezimira ngati ka akabaza. Anthu awiri andiimitsapo kale kufunsa kuti ku Chigwirizano ndi zingati.

Si aliyense adzapeze ya chilembo K. Mukakhala kuti mukusankha pa zimene zili pa shelefu, pemphani aiyatse n'kuiloza pakhoma kapena kunsi kwa kauntala komwe kuli kamdima, osati kumaso kwanu. Mukufuna kuwala kotambasukira m'mbali, kadontho kowala ayi. Igwedezeni mwamphamvu ikuyaka. Ikaphethira kapena kusintha yokha, ibwezeni. Inyamuleni m'manja, chifukwa yopepuka ngati bokosi la machesi ilibe batire loti n'kukufikitsani ku Likuni. Dinani batani, muwerenge kuti mudutsa kangati musanabwerere poyamba. Bulaketi muiyang'ane kuposa nyaliyo, poti ndi imene imayamba kufa. Ya lamba wa labala imapirira mabampu kuposa yapulasitiki youma, ndipo izilola kuchotsa nyali ndi dzanja limodzi, chifukwa nyali yosiyidwa panjinga pa depoti mudzaipeza ikugulitsidwa tsidya la msewu. Pa msewu wopanda magetsi ngati wathu, 300 mpaka 500 lumens zenizeni n'zokwanira. M'misewu ya m'tauni imene ili ndi magetsi, 100 ikwana kuti akuoneni. Mukaimanga, iweramitseni kuti pakati pa kuwala pagwere mamita 8 kapena 10 kutsogolo. Kenako mwana agwire njinga, inu muyende mapazi 20 mutembenuke. Mukatsinzina, iweramitseninso, asanakuuzeni wakabaza uja.

Tochi yakuda ija ilipobe. Imalendewera pa msomali kukhitchini, ndipo magetsi akazima mayi a ana amailozetsa kudenga, chipinda chonse n'kuwala. Pa ntchito imeneyo ndilibe nayo mlandu. Hutala ya yasola ija ndinaichotsa n'kuilumikiza ku batire lina, ili pa galimoto yamawaya ya mwana. Ya chilembo K yayamba kung'aluka pa bulaketi, ndamangapo kawaya, ndipo mnyamata wa kaunjika uja ndinamusiyira nambala kuti katoni ina ikabwera andiimbire asanaitsegule pagulu. Wandiimbira kawiri. Ulendo woyamba linali belu. Wachiwiri inali tochi yakuda ya mutu wokoka, yolembedwa 90000 lumens.